Miyala Yam'kati

Bambo anga anayeza katundu pamsika waukulu zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo tsiku lowaika m'manda abusa ananena kuti malemuwa anali munthu wolungama ngati sikelo yawo. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke pamaliro, chifukwa abusawo analasa penipeni osadziwa. Sikelo imeneyo ndinakulira pambali pake, ndipo ndikuidziwa kunsi ndi kumwamba komwe.

Pamsika onse ankangowatcha a Sikelo. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosamwa mowa, wosakweza mawu, ndipo sanatimenyepo ife ana ake ngakhale kamodzi. Anali ndi mphatso imodzi imene sindinaionenso mwa munthu wina: ankangoyang'ana thumba la nyemba lili paphewa la mwini wake n'kunena kulemera kwake, osaphonya ndi paundi yomwe. Tili ana ankatinyamula m'khwapa mmodzimmodzi, n'kutseka diso limodzi, n'kulengeza kuti uyu wadya bwino sabata ino, uyu wakhala akusewera nthawi ya chakudya. Tinkawakonda kwambiri. Ndikunena zimenezi poyamba kuti pasapezeke wina wonena kuti ndikulemba chifukwa cha chidani.

Sikeloyo inali mtanda wachitsulo wolendewera kudenga la shedi. Mbali iyi kunali thabwa loikapo katundu, mbali inayo thabwa loikapo miyala. Timangoti miyala koma zinali zitsulo, zokhala ndi chogwirira pamwamba ndi nambala yodinda pambali. Miyala iwiri yaikulu inali ya mapaundi makumi asanu uliwonse, ndipo ikakhala pamodzi inkayeza thumba lodzaza la mapaundi zana.

Koma miyala yaikuluyo inalipo inayi, osati iwiri. Iwiri yoona inkagona m'kachipinda ka kumbuyo kwa shedi, pansi pa mulu wa matumba ong'ambika, kudikira woyendera masikelo wa boma. Ameneyo ankabwera kawiri pachaka, ndipo ankatumiziratu uthenga chifukwa ankakonda kupeza nkhuku itapsa kale. Iwiri ya tsiku ndi tsiku bambo anaiboola kunsi, n'kuthiramo mtovu, n'kumata ndi phula ndi fumbi. Uliwonse unkaposa nambala yake ndi mapaundi anayi. Choncho mlimi aliyense wobwera ndi thumba ankauzidwa kuti laperewera, n'kuwonjezera nyemba mpaka mtanda uime bwino, n'kuthokozanso potsazika. Zowonjezerazo bambo ankagawana ndi amalonda. Kunyumba sitinkazitchula kuba. Mayi ankazitcha dzanja la bambo ako, ndipo dzanja limenelo ndi limene linandigulira nsapato zoyamba.

Kunja kwa banja lathu munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa. Pakona ya shedi yomweyo pankakhala mayi wina wamasiye wosoka matumba, amene onse ankamutcha Nasingano. Anali wowonda, wamsinkhu wochepa, wa pakamwa pakuthwa kuposa chida chake. Matumba osoka ankakawatenga m'kachipinda komwe kaja, ndiye miyala yobisika ankaiona m'mawa uliwonse, ndipo anakhala nayo nkhaniyo zaka khumi ndi ziwiri osatsina khutu munthu. Tsiku la woyendera masikelo ankangoti, osadzutsa mutu pa singano, "Lero alendo athu atuluka kudzaothera dzuwa, achimwene." Bambo ankamwetulira n'kumuponyera nyemba zodzaza manja awiri. Nasingano anali ndi mwana mmodzi wamkazi, mnzanga wosewera naye kuyambira tili osavala, amene tinkamutcha Manzere chifukwa ankasoka ndi dzanja lamanzere.

M'masiku amenewo khoti linkaweruzabe milandu ya ufiti. Si mbuli zimene zinkachita izi ayi. Anali anthu opita kusukulu, ovala mikanjo, olemba ndi inki, ndipo anagwirizana kuti mfiti imakhala yopepuka, apo ayi ingauluke bwanji. Lamulo lawo linali lakuti mkazi wamkulu woganiziridwa ufiti akwere pasikelo, ndipo akalephera kunyamula mapaundi zana ndiye kuti mlandu wamugwera. Lamulolo silinkafunsa ngati mkaziyo wakhala akudya kamodzi patsiku chifereni mwamuna wake.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mwana wa wogulitsa nyama anatentha thupi masiku atatu n'kumwalira. Sabata yapitayo Nasingano anali atakangana ndi mayi a mwanayo pachitsime, polimbirana malo pamzere, ndipo polekana anati, udzaona. Mawu amenewo mkazi aliyense wa m'tauni mwathu anawanenapo pachitsime chimenecho, mayi anga kawiri pasabata. Koma Nasingano analibe mwamuna, analibe alongo, ndipo wogulitsa nyamayo ankatumiza mwendo wa mbuzi kunyumba kwa woweruza mwezi uliwonse. Anamutsekera masiku asanu ndi anayi, akumupatsa madzi ndi tinyenyeswa, kenako ndi pamene anakumbukira kuti ayenera kumuyeza.

Linali Lachisanu, tsiku la msika, dzuwa lili pamutu. Ine ndinali nditangofika ndi chakudya cha bambo. Tinangoona woweruza akulowa m'shedi, pambuyo pake mlembi, alonda awiri atagwira Nasingano, ndi tauni yonse ikukankhana pakhomo. Sikelo yokwera munthu m'tauni monse inali imodzi, ya bambo. Khoti silinatumize uthenga ngati woyendera masikelo uja, chifukwa silinkafuna nkhuku. Pansi, pambali pa thabwa, panali miyala ya tsiku ndi tsiku.

Anamuvula Nasingano nsapato ndi mpango. Amayi awiri anamupapasa m'zovala, m'tsitsi, mpaka m'kamwa, kuopa kuti wabisa kachitsulo koti kamuwonjezere kulemera. Anasamala kwambiri kuti pasakhale chinyengo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zotembenuza mwala kuti aone kunsi kwake.

Bambo anawerama kuti anyamule mwala woyamba, ndipo Nasingano anali chiimire pafupi nawo, ine ndili kumbuyo kwawo ndi mbale m'manja. Nasingano analankhula chapansipansi, milomo yokha, moti alonda sanamve.

"Achimwene, tengani yam'kati ija."

Sanawaopseze. Akanatha kufuula pamaso pa alimi onse aja, amene theka la iwo anali atayezetsa nyemba m'mawa womwewo, ndipo shediyo ikanapsa tsiku lomwelo. Sanatero. Anawapatsa mpata woti apeze okha chonamizira, anene kuti mwala uwu wachita dzimbiri, kapena kuti pa mlandu waukulu chonchi pafunika miyala yatsopano. Munthu amene ananamiza tauni yonse zaka zonsezo sakanasowa bodza limodzi laling'ono. Koma kulowa m'kachipinda muja n'kutuluka ndi miyala ina iwiri yofanana ndendende ndi yoyambayo, anthu mazana akuyang'ana, kukanadzutsa funso, ndipo bambo analiopa funso limenelo. Anachita ngati sanamve. Anaika mwala woyamba, n'kuika wachiwiri.

Nasingano anakwera. Thabwa lake linatsika pang'ono, zingwe zinalira, miyala inagwedera n'kunyamuka mbali imodzi mwina kutalika kwa chala, kenako inakhazikikanso pansi. Iye anatsala m'mwamba, atagwira chingwe, mapazi ake ang'onoang'ono ali poyera. Anthu anabuula ngati aona chodabwitsa. Mlembi analemba. Woweruza anathokoza bambo chifukwa chothandiza chilungamo.

Madzulo ake bambo sanakhudze chakudya. Anayang'ana khoma n'kunena kuti, "Zana ndi zinayi." Tonse patebulo tinamva chimene akunena, ine, mayi ndi mlongo wanga wamkulu, mwana wawo wamwamuna: pa miyala yoona mayi uja akanapulumuka ndi mapaundi anayi otsala. Mayi anawauza kuti adye, chakudya chikuzizira. Lolemba lotsatira Nasingano ananyongedwa kuseri kwa ndende. Amati manyazi anapha lambe, koma manyazi a bambo anga anapha munthu wina, eni ake n'kukhala ndi moyo zaka zina makumi awiri ndi chimodzi.

Mawa lake la tsiku loyezalo, Loweruka, sikelo inagwira ntchito monga mwa masiku onse, ndi miyala yomwe ija. Chimene bambo anasintha ndi chimodzi: mpando wa pakona uja anaupereka kwa Manzere kuti azisoka matumba m'malo mwa mayi ake. Anthu anawayamikira mpaka kutchalitchi. Taonani mtima wa a Sikelo, kudyetsa mwana wa mfiti. Bambo ankalandira mayamikowo atazolika, anthu n'kumati ndi kudzichepetsa.

Moyo wa Manzere unathera Lachisanu lija, ngakhale anapitiriza kuyenda ndi kupuma. Amayi akamuona ankakokera ana awo kumbuyo. Pachitsime ankatunga pomalizira, ndipo wobwera mochedwa pambuyo pake ankayamba watsuka chingwe. Palibe mnyamata wa m'tauni amene anamufunsira. Woyendetsa ngolo wina wodutsa anakhala naye miyezi inayi, atamva mbiri ya apongozi ake anasowa, n'kumusiyira mwana wamkazi. Nane, mnzake wa paubwana, ndinaphunzira kumupatsa moni wa mutu wokha. Ndinakwatiwa ndi mmodzi wa onyamula matumba a m'shedi momwemo, ndipo paukwati wanga sindinamuitane.

Zinayamba patapita zaka khumi, mayi atangomwalira. Dzuwa likafika pamutu bambo ankasiya mawu pakati, n'kutembenukira kuthabwa la katundu ngati munthu wawaitana. Ankati thabwalo likutsika lokha. Mlongo wanga, amene tsopano ankagwira nawo ntchito, ankati ndi ukalamba ndi kutentha kwa malata. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku lina Lamulungu, msika uli wotseka, pamene ndinawasowa kunyumba n'kukawapeza m'shedi. Anali atatulutsa miyala yam'kati ija okha, nkhalamba ya msana wopweteka, n'kuiika pathabwa lake. Mbali inayo panalibe kanthu. Mphepo kunalibe, zitseko zinali zotseka. Ndikuyang'ana ndi maso angawa, thabwa lopanda kanthulo linatsika pang'onopang'ono, zingwe zikulira monga zimalirira munthu akakwerapo, ndipo miyala iwiri ija inanyamuka n'kuima m'malere. Bambo anavula chipewa.

"Mwaona, mlongo wanga," anatero kwa munthu amene ine sindinkamuona. "Mwakwana. Mwapitirira ndi zinayi."

Kenako miyala inagwa pansi mwamphamvu, fumbi n'kubuka. Sindinamwe kanthu tsiku limenelo, ndipo sindikupempha aliyense kuti akhulupirire. Ndinawagwira dzanja n'kupita nawo kunyumba, ndipo miyalayo ndinabwerera kukaibisa ndekha pansi pa matumba mlongo wanga asanadziwe.

Kuchokera pamenepo mutu wawo unayamba kutha ngati sopo. Mlongo wanga anatenga sikelo, ndi miyala yonse inayi, ndipo ine ndinatenga bambo, monga zimakhalira pogawana chuma pakati pa mwana wamwamuna ndi wamkazi. Ndinawapatsa chipinda cha kumbuyo, choyang'ana kukhitchini. Anaiwala kuti mayi anamwalira ndipo ankawasungira mpando. Anaiwala njira ya kuchimbudzi m'nyumba ya zipinda zitatu. Mwamuna wanga bambo ankamutcha mayina a anthu akufa. Koma akaona mphika, mphaka kapena mlendo ankanena kulemera kwake, ndipo ana anga ankawayesa mwamasewera ndi kasikelo ka kukhitchini, osawapeza ataphonya.

Chimene chinativuta kwambiri ndi timiyala. Ankatola timiyala pabwalo n'kudzaza m'matumba a jekete, kenako n'kumatilowetsa mozemba m'zovala za akazi. Ndinkatipeza m'thumba la diresi langa, m'nsapato za ana anga aakazi, ngakhale m'mpendero wa siketi ya wamng'ono, mmene anatisokera okha ndi ulusi wa matumba. Pachakudya ankakankhira mbale yawo kwa atsikanawo n'kumati idyani, idyani, akubwera. Pamsewu akaona mayi wowonda ankamutsatira akumuchonderera kuti alandire mwala. Anansi anapeza tanthauzo lake mwachangu. Anati mfiti ija yawatsatira kuchokera kumanda chifukwa ndi iwo amene anaiulula, ndipo ankatibweretsera mazira ndi mapemphero. Ngakhale misala yawo inawasandukira ulemu, ndipo mazirawo tinkadya.

Tsiku lina m'mawa Manzere anagogoda pakhomo panga, koyamba pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anakana mpando. Anati kwabwera woweruza watsopano, wachinyamata, amene akutsegulanso milandu yakale ya ufiti, ndipo m'tauni yoyandikana nayo mayina awiri ayeretsedwa kale. Mwana wake, amene tsopano anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anali atabwezedwa kusukulu chifukwa makolo ena anakana kuti ana awo azikhala benchi imodzi ndi kamfiti. Anati iye zake zinatha kale, koma mwanayu sanalakwire munthu. Za miyala ankazidziwa kuyambira kale, mayi ake anamuuza m'ndende tsiku lomaliza, ndipo anakhala nazo chete chifukwa mawu a mwana wa mfiti ndani akanawamvera. Chimene ankafuna chinali chimodzi, kuti bambo akanene okha kukhoti mutu usanathere.

M'mawa bambo ankakhala bwinoko, ndipo tsiku limenelo anamuzindikira. Anamuyang'anitsitsa.

"Nditengeni," anatero. "Nditengeni msanga ndisanaiwale."

Ndinavomera kuwaperekeza, ndipo ndisaname, ndinadzimva kukhala munthu wabwino kwambiri sabata imeneyo.

Mlongo wanga atamva anabwera ali thukuta. Sanakalipe. Anakhala pansi n'kundiwerengera modekha: alimi a zaka makumi atatu, ana awo ndi adzukulu awo, onse adzafuna nyemba zawo, ndipo sadzabwera ndi kalata, adzabwera ndi moto. Anandikumbutsa kumene mwamuna wanga amagwira ntchito, ndi kuti ana anga aakazi adzafuna mabanja m'tauni yomweyi. Anati wakufa wapita, sadzauka ndi pepala la khoti. Ndinawayankha mokweza mpaka anansi anasuzumira. Ndinati mlandu suwola, achimwene, ndipo mukachite manyazi. Pakhomo panga ndine mkazi wolimba mtima kwambiri, aliyense angakuuzeni.

Tsiku la mlandu ndinawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwakhuthula timiyala m'jekete, ndipo tinafika khoti lisanatsegulidwe. Ndinachonderera mlembi kuti atiyambitse, ndikumufotokozera kuti nkhalambayi mutu wake umagwira m'mawa mokha. Anati milandu ili ndi ndondomeko yake. Patsogolo pathu panali anthu awiri olimbirana mpanda umene mbuzi inagwetsa, ndipo aliyense anabwera ndi mboni zinayi. Tinakhala pabenchi tikumvera za mbuziyo dzuwa likukwera. Pakati pake bambo anapempha kupita kuseri, ndipo ndinawasiya okha kamphindi pabwalo la khoti, lomwe linali lothiridwa miyala ing'onoing'ono. Anatiitana dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu.

Anayamba bwino, ndipo pa ichi ndidzawalemekeza mpaka imfa. Anaimirira osagwira ndodo, chipewa m'manja, n'kufotokoza zonse mwadongosolo: kuboola, mtovu, phula, mapaundi anayi pa mwala uliwonse, ndi mawu amene Nasingano anawauza. Anati anamva bwinobwino, sanali wogontha. Alimi ena kumbuyo anayamba kuyang'anana.

Ndiye mlongo wanga anapempha kulankhula. Anali atabwera ndi miyala iwiri pangolo, ndipo onyamula ake, mwamuna wanga ali mmodzi wa iwo, anailowetsa n'kuitembenuza pamaso pa woweruza. Kunsi kwake kunali kosalala, chitsulo chokhachokha, ndi chidindo cha woyendera masikelo. Inali yam'kati ija. Inatuluka tsopano pamaso pa tauni yonse, itachedwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kudzatsimikizira kuti Nasingano anali mfiti. Mlongo wanga analankhula mwachisoni, ngati mwana wokonda bambo ake. Anati nkhalambayi yakhala ikudwala mutu zaka zambiri, ndipo nthano iyi inayamba pokhapokha mayi uyu atayamba kuyendera nyumba imene akukhala.

Bambo ataona miyala ija nkhope yawo inasintha. Anatembenukira kwa Manzere, amene anali chiimire patsogolo mwana wake ali pambali, ndipo ndinadziwa kuti sakuonanso Manzere. Anapita kwa iye akudzandira, akutulutsa timiyala m'jekete, n'kuyamba kutilowetsa m'thumba la epuloni yake, misozi ikutsika.

"Imani bwino, mlongo wanga, musakwere kaye. Ndikuwonjezerani. Zinayi zokha, zinayi zokha."

Wina anaseka kumbuyo, kenako khoti lonse. Timiyala tinagwera pansi n'kugubuduka pansi pa mabenchi. Manzere sanasunthe, anangogwira manja a nkhalambayo kuti isagwe.

Woweruza uja sanali munthu woipa, ndipo ndikanakonda akanakhala woipa kuti ndipeze womuloza chala. Anamenya tebulo mpaka anthu anakhala chete. Anati mawu a munthu wodwala chonchi khoti silingayimepo, koma zimene wanena poyamba zinali zomveka kwambiri moti sangazitaye chabe. Kenako anayang'ana chipinda chonse.

"Kodi muno muli munthu wa mutu wabwino amene anaionapo miyala ya mtovuyo, kapena amene anamva mawu a malemuwo? Mmodzi yekha akwanira, ndipo nditumiza alonda kukafufuza m'shedi pompano."

Manzere sanayang'ane wina aliyense. Anayang'ana ine.

Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Mutu wanga unali bwinobwino. Ndinkadziwa mulu wa matumba umene miyala ya mtovu inali itabisidwa m'mawa umenewo, chifukwa malo obisira anali amodzi okha ndipo ndinabisapo ndi manja anga. Lachisanu lija ndinali kumbuyo kwa bambo ndi mbale m'manja, ndipo mawu aja ndinawamva onse. Lilime ndinali nalo, lomwe lija linalalatira mlongo wanga mpaka anansi kusuzumira. Ndinaona mwamuna wanga ataima pambali pa miyala, akupukuta manja pa thalauza. Ndinaona alimi kumbuyo kuja, nkhope zawo zitauma. Ndinaganiza za ana anga akutunga pomalizira pachitsime. Ndinadziuza kuti ndipume kaye kamodzi kenako ndiimirire, ndipo ndinapuma, n'kupumanso. Woweruza anadikira nthawi yaitali ndithu, kuposa mmene akanafunikira. Kenako anauza mlembi kuti alembe kuti chigamulo chakale chikhala momwemo.

Pofika madzulo tauni yonse inali itadziwa chimene chachitika: mwana wa mfiti walodza nkhalamba yolemekezeka kuti inyoze banja lake lomwe. Sikelo yoyezera mfiti inali itathetsedwa ndi boma, koma anthu sasowa njira. Mlongo wanga anachotsa mpando wa pakona uja. Mawindo a Manzere anaswedwa masana, anthu akuona. Wogulitsa buledi anakana kumugulitsa. Isanathe sabata Manzere anakweza mphasa, miphika ndi mwana wake pangolo ya munthu wachilendo, chifukwa wa m'tauni palibe amene analola.

Ngoloyo inadutsa pakhomo panga m'mawa, ine ndikuyanika zovala. Anaimitsa. Ndinaganiza kuti anditukwana, ndipo mumtima ndinkafuna atatero. Anatsika, n'kupita pawindo la bambo, n'kuwagwira dzanja kudzera pazitsulo. Pobwerera anaima patsogolo panga.

"Ukawauze akadzakhala bwino kuti iwo ndawakhululukira," anatero. "Iwo ananena."

Anakwera ngolo n'kumapita. Kumene anakathera sindikudziwa, ndipo sindinamvenso za iye kapena za mwana wake.

Bambo anakhala zaka zina zitatu. Chodabwitsa n'chakuti kuchokera tsiku la khoti lija anapeza mtendere. Anasiya kutola timiyala. Dzuwa likafika pamutu ankangowodzera pampando ngati nkhalamba ina iliyonse. Anayamba kudya, mpaka masaya anabwerera. Mutu wawo, umene unataya dzina la mkazi wawo ndi njira ya kuchimbudzi, unasunga tsiku la khotilo, koma unalikonza mwa njira yake. Mmene iwo ankakumbukira, ananena zonse, mwana wawo wamwamuna anawatsutsa, anthu anaseka, woweruza anafunsa ngati pali mboni, ndiyeno mwana wawo wamkazi anaimirira pakati pa khoti lonse n'kunena kuti zonsezo n'zoona. Alonda anakapeza miyala. Dzina la Nasingano linayeretsedwa. Kamtsikana kaja kanabwerera kusukulu.

Ankaifotokoza nkhaniyi kwa aliyense wobwera kudzawaona, ndipo alendowo ankamwetulira n'kundiyang'ana mondimvera chisoni. Koma makamaka ankaifotokozera ine. M'mawa uliwonse ndikalowa ndi madzi osamba ankandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, maso ali mbee ndi chimwemwe, ngati zachitika dzulo.

"Iwe ndiwe munthu, mwana wanga. Ine zinanditengera zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Iwe anangofunsa kamodzi, n'kuimirira."

M'mawa woposa chikwi anandiuza mawu amenewo. Mpata wowauza zoona ndinali nawo tsiku lililonse, m'chipinda chotseka, mopanda alimi, mopanda woweruza, kwa nkhalamba imene ikanaiwala isanafike nthawi ya chakudya chamasana. Ndinkangoti, "Kwezani mkono, bambo," n'kuyamba kuwasambitsa.